Akulembani Dona pa Chiliza

Amayi,

Kodi kumene muliko kwacha bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine kuno ku Nairobi ndilipo, kungoti kukuzizira koopsa. Julaye wa kuno ndi wamwano, dzuwa limatuluka masana ngati alikakamiza, ndipo juzi yanu yofiirira ija ndi imene ikundisunga. Pogawana zovala zanu anthu ankafuna ipite kwa alamu. Ndinaikaniza, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti mukanakhala moyo bwenzi mutayamba ndi zomwezo musanandifunse n'komwe ngati ndadya. Mng'ono wanu, mayi aang'ono a Dorika, amandiimbira foni Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Mwana wawo Mervisi anachira mwana wamkazi mu Epulo, wonenepa bwino, wa mawu aakulu, ndipo amutcha dzina lanu, Esitere. Akuti akayamba kulira, agalu a mudzi wonse amayankha. Chimanga cha kumtunda chinapserera mvula itadula, koma cha kudimba chapulumutsa anthu. Nandolo ndiye wabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, kamodzi kanafa ndi chitopa cha mbuzi chimene sindikuchidziwa dzina, kotsalako kakudumpha bwinobwino. Denga la khitchini likudontha pangodya pomwe paja munkatchera beseni, ndipo a Dorika akutcherapo beseni lomwelo.

Ine ndatsala ndi chaka chimodzi kuti nditsirize maphunziro owonjezera a uzamba. Chipatala chimene timaphunzirirako chili ku Upper Hill, pakati pa nyumba zazitali zamagalasi, ndipo ofesi ya achimwene a Gilibati ili chapafupi pomwepo. Ndikukhalabe kwawo ku South C. Ndikati kwawo musaganize kuti m'nyumba yaikulu. Ndili kuseri, m'kachipinda ka antchito, boyizikota yomwe ija tinakuliramo ku Namiwawa, kusiyana kwake n'koti kano kali ndi matailosi. Alamu anati chipinda chotsala m'nyumba yaikulu ndi cha alendo. Sindinadandaule. Chitseko n'changa, kiyi ndi wanga, ndipo m'mawa achimwene amanditenga pagalimoto.

Tsono chimene ndakulemberani ndi nkhani ya chiliza chanu. Muikepo mtima, chifukwa mwakwezedwa pantchito osakufunsani.

Abale anagwirizana kuti chiliza chimangidwe anthu akatha kukolola nandolo, ndipo tikachivundukule mu Okutobala. Chimwalirireni malume, mwinimbumba ndi achimwene, ndiye mawu omaliza ndi awo. Wosema mwala wa ku Limbe ankangodikira kuti timuuze zolembapo. Ine ndinati zisavute: dzina lanu, chaka chobadwa, chaka chomwalira, ndi kamzere kamodzi koti munatilera ndi manja anu. Achimwene anangoti, "Dikira kaye, Lusiya, ndikuganizira chinthu chabwino." Ndinadziwa pomwepo kuti kukubwera zamkutu. Munthu ameneyu akayamba kuganizira chinthu chabwino, enafe timayamba kumanga nsapato.

Lamlungu la masabata atatu apitawo anaitana anzawo, Amalawi ogwira ntchito m'mabungwe akuluakulu a kuno, aja amati akamalankhula Chichewa mawu atatu, anayi otsatira ndi Achingerezi. Anawotcha nyama pabwalo. Anthu atakhuta, achimwene anagogoda tambula ndi foloko, n'kutulutsa mapepala m'thumba la jekete. Munthu kubwera ndi mapepala pakudya nyama, panyumba pake pomwe. Anati akufuna kugawana ndi anzawo za mawu amene asankha kulemba pa chiliza cha mayi awo. Mawuwo ndi akuti DONA ESITERE NANGONDO.

Ndinaganiza kuti makutu anga alowa madzi.

"Mawu akuti dona," anatero, "si mawu wamba ayi. Enafe timangowatchula osadziwa kulemera kwake." Akuti anawamvetsa bwino atacheza ndi mnzawo wa ku Italiya pa msonkhano wina wa kuhotela, kenako anakafufuza okha. Mverani sukulu yake, Amayi, poti inu ndi amene mwapatsidwa digiriyi. Akuti kalekale ku Roma nyumba ankaitcha domus. Mwini nyumba anali dominus, mkazi wake domina. Domina uja anayenda m'mitundu, n'kumatha pang'onopang'ono m'njira ngati sopo. Kwa Ataliyana anasanduka donna, ndipo kumeneko mkazi aliyense ndi donna, pamene amayi ake a Yesu amawatcha Madonna, kutanthauza kuti dona wanga. Asipanishi amati doña. Afalansa amati dame, akawonjezera "wanga" kutsogolo n'kukhala madame, ndipo n'kumene Angerezi anatola madamu wawo uja. Ajeremani nawo ali ndi Dame, moti ngakhale mfumukazi ya pa makadi a juga amaitcha choncho. Apwitikizi anati dona, n'kukwera naye mtsinje wa Zambezi mpaka kudzamusiya m'kamwa mwathu.

Kunena zoona, nkhaniyo payokha ndi yokoma. Ndikanaimva pawailesi ndikusita, bwenzi nditaima kaye n'kumvetsera. Koma mukanawaona mwana wanu akuiwerenga! Magalasi pamphuno, dzanja limodzi m'thumba, lilime akulipinda kuti doña amveke ngati anabadwira komweko. Alendo aja n'kumagwedeza mitu, ati, "Interesting, bwana, very interesting." Mmodzi anajambula pepalalo pafoni. Mkazi wina wovala wigi yofika m'chiuno anati nayenso akadzamwalira adzamulembe choncho, anthu n'kuseka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mayi amenewa ankagwira ntchito yanji.

Achimwene anapitiriza. Akuti ku Zambezi kunali madona enieni, azimayi amphamvu, eni minda ikuluikulu, okhala ndi asilikali awoawo. "Ndi akapolo," ndinatero ine. Sindinakuwe, koma anandimva. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti zimenezo ndi nkhani ina, chofunika n'choti tsinde la mawuwa ndi nyumba, ndipo mayi awo anali mwini nyumba, mzati wa banja.

Pamenepo mtima unakana. Ndinati, "Achimwene, pepani ndifunse nawo, poti ine sukulu yanga ndi ya matewera. Nanga amene ankakolopa m'nyumba ya domina wanuyo ankamutcha ndani?"

Wina anatsokomola. Achimwene anati, "Iwe Lusiya, izi ndi za mbiri ya zilankhulo, usazisokoneze." Alamu anatembenukira kukhitchini n'kuitana wantchito wawo m'Chiswahili kuti abweretse tiyi, nkhani n'kukhotera ku mitengo ya ndege zopita kumudzi.

Amayi, inu mukudziwa chimene chinandiwawa, koma ndichinenabe, poti kuno ndilibe wochinena naye. Munagwira ntchito ya m'nyumba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kwa madona atatu. Woyamba, Mzungu uja, anali ndi kabelu patebulo. Kakalira, munkasiya chilichonse, ngakhale mutandibereka kumbuyo ndikutentha thupi, n'kuthamanga mukupukuta manja pa epuloni. Wachiwiri, Mmwenye, ankakupatsani tiyi m'chitini cha jamu kuti milomo yanu isakhudze makapu ake. Wachitatu anali Mmalawi mnzathu, wa ku Thyolo, ndipo munkati ameneyo ndiye anaposa onse, chifukwa ankawerenga mazira m'mawa ndi madzulo ndipo ankakuitanani kuti "iwe" pamaso pa ana ake. Onsewa munkawayankha kuti "Dona" mutagwada pang'ono, chifukwa ife tinkafunika kudya. Koma mukabwerera kuboyizikota, mawu amenewa ankatuluka m'kamwa mwanu ali ndi minga.

Ndikagonereza dzuwa n'kutuluka, munkaima pakhomo n'kunena kuti, "Adona, tiyi tikupatsireni pabedi pomwepo?" Ndinkadzambatuka msanga kuposa mukananditenga ndi mkwapulo. Nkhuku ija yokana kuchoka pakhonde munkaitcha dona. Mkazi wa a polisi uja, amene ankatuma ana a anzake kukamutungira madzi iye akupenta zikhadabo, naye anali dona. Munkati dona amadziwa fungo la sopo, kulemera kwa ndowa sakudziwa. Pa moyo wanu wonse sindinamvepo mukutchula mawu amenewa kwa munthu amene mumamukonda. Lero mwana wanu woyamba, wophunzira kuposa tonse, wafufuza mpaka ku Roma kuti apeze chipongwe chanu chomwe n'kukuvekani pamutu.

Ndipo musati sakudziwa. Anali pomwepo. Kungoti iwo nyumba yaikulu ija ankaikonda. Dona woyamba uja ankawalola kukhala pakhonde n'kumawerenga mabuku a mwana wake, ndipo iwo ankabwerera kuseri akulankhulira m'mphuno, n'kumanyansidwa ndi fungo la utsi m'mabulangete athu. Tsiku limene donayo anakwera ndege kubwerera kwawo, a Gilibati analira masiku awiri osadya. Pamaliro anu ine sindinaone msozi wawo. Ndinawaona akukangana ndi anthu a matenti za mtundu wa mipando. Mwina analira kumene sindinaone, anthu amalira mosiyana. Koma ine ndikunena zimene ndinaona.

Alendo atapita ndinalowa kukhitchini kukathandiza kutsuka mbale. Wantchito wa alamu dzina lake ndi Nafula, mayi wa ana atatu, wamkulu kwa ine. Amachokera ku Kawangware, amakwera matatu awiri, maminibasi a kuno, kuti afike seveni isanakwane. Lamlungu limenelo linali tsiku lake lopuma, koma anamuitana chifukwa cha alendo. Pawindo la khitchini pali kapu yapulasitiki yobiriwira, yokhayokha, kutali ndi zinzake. Ndakhala ndikuiona chaka chathunthu osafunsa. Tsiku limenelo ndinamuona Nafula akumwera tiyi m'menemo ali chiimire, nsana atatsamiritsa pafiriji, ndipo ndinadziwa kuti ndi chitini cha jamu chija, changosintha mtundu.

Ndisadziyeretse, Amayi. Nafula amawaitana alamu kuti Madamu, ine amandiitana Madamu mdogo, ndiye kuti dona wamng'ono. Chibwerereni kuno ndakhala ndikuvomera. Yunifolomu yanga ndakhala ndikuipeza yochapa ndi yosita Lachisanu lililonse, ine n'kumangoti zikomo, ngati imadzichapa yokha. Madzulo amenewo ndinamuuza kuti dzina langa ndi Lusiya, ndipo mayi anga ankagwira ntchito ngati yakeyi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka. Anati anadziwa kale, chifukwa palibe mwana wa madamu amene amafinya chokolopera mmene ndimafinyira ine. Kenako anafunsa kuti, nanga bwana uja ndi m'bale wanga wa mimba imodzi? Ndinati inde. Anangoti "Haya," n'kupitiriza kutsuka.

Lolemba ndinapita kulaibulale ya kusukulu kwathu. Pali dikishonale yaikulu imene palibe amaitsegula, amangotsekera nayo chitseko kukachita mphepo. Ndinafufuza domus wawo uja. Zonse zimene ananena achimwene ndi zoona, sananame. Kungoti anawerenga theka. Nyumba ija ya ku Roma sinabereke domina yekha ayi. Inaberekanso mawu ena, amene Angerezi amati domestic, Afalansa domestique, Apwitikizi doméstica, ndipo konseko ndi mawu amene amatchulira wantchito wa m'nyumba. Mayi wawo ndi mmodzi. Wina anatulukira khomo la kutsogolo, wina la kuseri, ndipo onse anayenda mayiko omwewo, wina atanyamula chikwama cha mnzake. Ndiye funso langa lija linali ndi yankho, ndipo linali pa tsamba lomwelo, mizere ingapo pansi. Ndinakhala pamenepo n'kumaseka ndekha mpaka woyang'anira laibulale anandiyang'ana. Ngati achimwene akufunadi dzina lochokera ku Roma loti likukwaneni, lilipo, koma sangalilembe ngakhale mutawalipira.

Ndinakopera mizereyo pakapepala, ndipo Lachitatu m'mawa ndinawawerengera m'galimoto. Tinali titaima pa Mombasa Road, pamzere wa magalimoto umene suyenda, ogulitsa nthochi ndi manyuzipepala akudutsa pakati. Ndinasankha pamenepo dala, poti munthu sangathawe.

Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachiwongolero. Kenako anati, "Wamaliza?"

Ndinati ndamaliza.

"Ine ndikufuna ana anga akadzapita kumanda kuja adzawerenge kuti agogo awo anali munthu."

Ndinati, "Nanga kale anali chiyani?"

Anati ine sindimvetsa, chifukwa sindinakwatire kubanja ngati limene anakwatirako iwo. Apongozi awo, paja bambo a alamu anali mkulu m'boma, adzabwera ku Chiradzulu kudzaona chiliza, pamodzi ndi abale awo a ku Lilongwe. Anthu amenewa, Amayi, kuyambira pa chinkhoswe anauzidwa kuti inu munkagwira ntchito yosamalira alendo ochokera kunja. Ndi chifukwa chake paukwati paja anakukhazikani patali ndi apongozi, n'kukuikirani a Dorika pambali kuti muzicheza nawo. Ine ndinkayesa kuti anachita zimenezo kuti musasowe wolankhula naye. Ndinali wopusa zaka zonsezi. Inu kaya munadziwa, poti tsiku lija munabwerako muli chete, n'kungoti keke inali yotsekemera kwambiri.

Ndinati ndiye tiyeni tiwaimbire a Dorika ndi abale ena, aliyense anenepo maganizo ake mwala usanasemedwe. Anaseka pang'ono. Anati mawu anatumiza kale ku Limbe masabata awiri chisanachitike chiphwando chija, ndipo mwalawo wasemedwa. Ndiye mapepala aja, foloko ija, Chisipanishi chija, sikunali kufunsa maganizo a munthu. Kunali kudzionetsa basi.

Magalimoto atayamba kuyenda anatsegula kabokosi ka kutsogolo n'kundipatsa envulopu. Mwambo wake mukuudziwa: nsalu isanachotsedwe pamwala, mmodzi wa ana amaimirira n'kuwerenga mbiri ya malemu. Anati iwo adzakhala otanganidwa ndi alendo, ndipo ine ndili ndi mawu omveka, ndiye ndidzawerenge ine. Alemba kale, atayipa bwinobwino, Chichewa mbali ino, Chingerezi mbali inayo. Muli zoti munali mayi wolemekezeka, wodziwa kulandira alendo a mitundu yosiyanasiyana, amene anakhala zaka zambiri ku Namiwawa. Zoona, munakhaladi ku Namiwawa. Ngakhale galu wa dona uja ankakhala ku Namiwawa.

Pofika pageti la chipatala anaimitsa galimoto, osandiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Udzawerenge zimene zalembedwazo, usadzawonjezere zako. Ukadzandichititsa manyazi pamaso pa apongozi anga, udzayambe waganiza kokhala ukabwerera kuno." Ndinatsika, ndinatseka chitseko bwinobwino, ndinati zikomo chifukwa cha lifiti. Ndinakatsonyera m'kati mwa geti.

Loweruka a Dorika anatumiza chithunzi pafoni. Anapita ku Limbe kukagula mbewu n'kupatukira kwa wosema uja. Mwala ndi wokongola, Amayi, sindikunamizani. Wakuda, wonyezimira, zilembo zagolide. DONA ali pamwamba payekha, zilembo zake zazikulu kuposa za dzina lanu. A Dorika poimba foni ankalephera kulankhula ndi phwete. Akuti, "Achemwali anga akwezedwa pantchito ali m'manda, koma Mulungu ndi wabwino." Kenako anasiya kuseka. Anati amayi a kumpingo, amene munkapita nawo kukasambitsa odwala, akadzaona adzati ana a Esitere akumunyoza mayi wawo, chifukwa kumudzi kuno aliyense akudziwa amene Esitere ankamutcha dona. Ndinawafunsa ngati angawalankhule achimwene. Anati khoswe akakhala pamkhate sapheka: mwala wagula ndi iye, mwinimbumba ndi iye, ndipo iwo sangalimbane ndi munthu amene amawatumizira feteleza.

Sindikuwaimba mlandu a Dorika. Inenso ndinakhala masiku angapo envulopu ija ili pansi pa pilo, ndikudziuza zimene amadziuza amantha onse. Ndinati ndi chaka chimodzi chokha, ndipirire. Ndinati mwini wake wamwalira, sakumva. Ndinati inunso munagwada zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kuti ife tidye, nanga ine kugwada mphindi zisanu kuti nditsirize sukulu n'chiyani? Mwinanso mukanakhala pano bwenzi mukundiuza zomwezo, kuti mwana wanga usataye pogona chifukwa cha mwala. Ndikukudziwani. Koma inu munkagwadira anthu achilendo amene sankakudziwani. Ine akundiuza kuti ndigwadire mwana wanu, ndiime pamutu panu, pamaso pa anthu amene anakuonani mukubwera pa Khirisimasi manja atasweka ndi sopo, n'kuwauza kuti manja amenewo kunalibe. Zimenezo zandikanika. Ndayesa kuwerenga pepalalo mokweza m'chipinda muno kawiri, ndipo kawiri konse ndinalekera panjira n'kulibwezera pansi pa pilo.

Ndiye dzulo, Lamlungu, Nafula ananditenga kupita ku Kawangware. Tinatsika matatu pamsika, n'kuyenda m'tinjira tamatope pakati pa ogulitsa makala, masamba ndi nsapato zakale. Pafupi ndi kwawo pali mayi wina amene ali ndi mzere wa zipinda zamalata, ndipo chimodzi chikhala chopanda munthu kumapeto kwa Seputembala. N'chaching'ono, bedi ndi tebulo basi. Madzi amagula m'zigubu, chimbudzi n'cha anthu onse, ndipo kuti ndifike kuchipatala pa nthawi ndiyenera kudzuka kusanache. Mayiyo anandiyang'ana nsapato, n'kufunsa Nafula ngati munthu ngati ine angakhalitse pamalo ngati pamenepo. Nafula anamuyankha kuti asaone nsapato. Ndamuuza kuti andisungire.

Ndikuopa, Amayi, ndisakunamizeni. Ndikuopa matope, ndikuopa kulephera mayeso chifukwa cha kutopa, ndipo ndikuopa kuti ana a achimwene, amene amabwera kuseri kuno kudzadya mbatata yootcha mobisa, adzaletsedwa kunditchula. Achimwene sakudziwa kanthu. M'mawa uno anandifunsa ngati ndayeserera kuwerenga, ndinati ndikukonzekera, ndipo sindinaname. Mabuku anga ndayamba kale kuwasamutsira pang'onopang'ono kwa mnzanga wa m'kalasi.

Mwalawo apambana nawo. Ukhala pamenepo mpaka zidzukulu za zidzukulu, ndipo odutsa azidzayesa kuti pagona mkazi wa bwana wina. Sindingaufufute. Koma tsiku limenelo, abusa akadzati tsopano timve mbiri ya malemu, wodzaimirira ndine. Ndidzapinda pepala lawo, ndidzaliika m'thumba, ndidzayang'ana kumene kwakhala apongozi ndi masuti awo, n'kunena kuti pano pagona Esitere Nangondo, wantchito wa m'nyumba. Ndidzatchula nyumba zitatu zija imodzi ndi imodzi. Ndidzanena zimene munkachapa, zimene munkakolopa ndi zimene munkameza. Ndidzati ana awiri mukuwaona apawa, mzamba uyu ndi bwana uyo, sukulu yawo inachokera pa mawondo a mayi ameneyu. Ndikadzatha, achimwene adzavundukule mwala wawo, anthu adzawerenge okha.

Mundiperekere moni kwa malume ndi kwa agogo. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani koposa mmene ndingalembere. Ndikulonjeza chinthu chimodzi: tsiku limenelo sindidzatsitsa mawu, ngakhale atanjenjemera. Mudzatchere khutu, mudzandimva.

Ndine mwana wanu,
Lusiya